Chimene anakwirira pakhonde

Nditapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, ndinamanga kanyumba kochititsa lendi ku Limbuli. Amene anakhalitsamo anali bambo wina wothawa nkhondo ku Mozambique, iye ndi mkazi wake. Ankakonza njinga pamsika. Sitinakanganepo, koma ine munthu wolankhula maso ali pansi sindimukhulupirira, ndipo uyu chilichonse ankangoti "chabwino, bwana," akuyang'ana zala zakumapazi.

Matipate atangoyamba, nkhondo kwawo itatha, anthu anayamba kubwerera. Ine ndinali nditagonera kumaliro ku Thuchila. Pobwera, mayi wa nyumba yoyandikana, wokazinga mandasi, anandipatsa kiyi.

"Alendi anu aja apita kwawo. Anabwera kudzatsanzika koma sanakupezeni."

Ndinalandira kiyiyo. Munthu wakhala pamalo pako zaka, mkazi wake wangobereka kumene, ndiye asankhe tsiku limene iwe kulibe? Pamenepo panandinunkhira.

Nyumbayo ndinkaifuna ndithu. Mwana wanga wamkazi anali woyembekezera, mwamuna wake atamuchotsa ntchito ku esiteti, ndipo anali atawauza kuti atuluke m'nyumba ya kampani. Mimba yoyamba anapita padera. Ndinalumbira chamumtima kuti yachiwiriyi palibe choti chiikhudze.

Nditatsekula loko, ndinapeza m'nyumba mwasesedwa mopitirira muyeso. Phulusa lomwe anawola. Wochoka mwamtendere amasiyako chitsotso cha chimanga kapena chigubu chobooka, koma awa ayi, ngati akufufuta mapazi. Ndinapisa dzanja pamwamba pa chitseko, ndinagwedeza nsungwi za kudenga, ndinasuzumira m'makona monse kufuna nsupa kapena kanyanga. Panalibe kanthu, ndipo kusowa kanthuko n'kumene kunandiwonjezera mantha.

Potuluka m'pamene ndinapaona. Pakhonde, pambali pa khomo, panali malo ozira chatsopano ndi dothi lakuda, kukula kwake ngati lichero. Khonde lonse linali lakale, long'aluka, koma apa pokha posalala. Apa ndi pamene mwana wanga azidzaponda m'mawa uliwonse.

Ndinatenga khasu. Sindinakumbe kwambiri, ndinangoona kansanza ka chitenje komanga ndi luzi. Ndinakamasula ndi kamtengo, osakhudza ndi dzanja. M'kati munali kanthu kouma, kakuda, kopindika ngati kamuzu.

"Mayi," ndinaitana wa mandasi uja, "bwerani mudzaone zimene atisiyira anzanu okondedwa aja."

Anabwera manja ali ufa okhaokha. Atangoyang'ana, anavula mpango wakumutu n'kuphimba kanthuko.

"Inu bambo, imvi zonsezi n'zachabe? Uwu ndi mchombo wa khanda lija. Ndinakwirira ndine, pamodzi ndi mayi wake. Mwamuna saona zimenezi."

"Nanga kuzira dzulodzuloli?"

"Kuti agalu asafukule, poti mwiniwake akupita kutali. Analira pozirapo mtsikana uja."

Manyazi anandigwira, koma kukayika sikunachoke. Akazi akagwirizana chimodzi, mwamuna sungachitulukire. Ndinadziwa bwanji kuti ndi mchombo? Ndinali ndisanauonepo chibadwire, ngakhale wa ana anga omwe. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga kuti ayambe wadikira, ndifune kaye munthu wodzatsirika pamalopo.

Iye sanadikire. Anafika ndi katundu panjinga yahayala, mimba ili patsogolo. Anamvetsera zanga, anamvetsera za mayi uja, kenaka anagwada movutikira n'kuvundukula mpango.

"Ababa, mayi sakwirira mchombo wa mwana wake pamalo amene akuwafunira zoipa. Kuno ndi kwawo kwa mwana ameneyu. Ngati mayi wake anakhulupirira khonde lanuli, inenso ndikhalapo."

Anamanganso kansanza kaja ndi manja ake, anakabwezera m'dzenje, wa mandasi n'kuziranso. Ine anandiuza kuti nditembenukire kumsewu.

Miyezi yotsatirayo sindinaone mtendere. Mwana wanga akati mutu ukuwawa, ine maso pakhonde. Akati msana, ine maso pakhonde. Kangapo ndinafika pamenepo nditagwira khasu, ati ndikudzalambula pabwalo, ndipo mayi wa mandasi ankangondiyang'ana ali pa chiwaya chake mpaka nditachoka. Ndinali nditatsimikiza kuti chikangochitika china, ndiwoloka malire pa Muloza kukamusaka wokonza njinga uja, ngakhale mudzi wake sindinkaudziwa.

Mvula itayamba, mwana wanga anachira. Anabereka mwana wamwamuna, wolira mokweza ngati agogo ake.

Atatuluka m'chikuta, ndinapita kukamuona mdzukulu wanga. Palibe anandiuza kanthu. Koma pakhonde, pafupi ndi malo akale aja, panali pena pozira chatsopano, dothi lisanaumitsitse.

Ndinaima pang'ono, kenaka ndinazungulira kukalowera khomo lakuseri, kuopa kupondapo.