Ndinagwada Pouza Bwana Kuti Alakwitsa

M'ma 1980, pakoleji pomwe ndinkaphunzira zamakompyuta ku Nairobi, dipuloma sunkapatsidwa usanagwireko ntchito miyezi itatu pakampani. Anzanga onse anali atapeza malo. Ine ndinatsala ndi intaviyu imodzi yokha, ndipo ikanandikanika ndikanabwerera ku Dedza chimanjamanja.

Ndinkakhala ku Lavington, dera lina la mu Nairobi, kwa mayi wina wa kwathu, amene amuna awo ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko. Sanali m'bale wanga, koma ndinkawatcha azakhali. Kompyuta anali asanaionepo, komabe m'mawa wa tsikulo anandilangiza za intaviyu yonse uku akundisitira bulauzi yawo yoyera.

"Pepala ukalandire ndi manja awiri. Usakawayang'ane m'maso. Ndipo usakawatsutse, wamva? Pakamwa pakopo ndimapadziwa."

Bwana wa kampaniyo anali bambo wa ku Kenya, waimvi. "Karibu," anatero pondilonjera m'Chiswahili, nandipatsa pepala. Panali pulogalamu ya COBOL yowerenga makadi obooledwa, omwe tinkalowetsera zinthu m'makompyuta a nthawiyo, n'kusindikiza mayina a antchito.

"Ndalemba ndekha. Ukuiona bwanji?"

Cholakwika ndinachiona msanga. Pulogalamuyo ikafika kumapeto, khadi lomaliza inkalisindikiza kawiri. Koma munthu wamsinkhu wa bambo anga, mu ofesi mwake, ndimuuze kuti walakwitsa? Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ili bwino kwambiri, bwana."

Anandithokoza, nkhope itagwa. Ndinafika mpaka pachitseko. Apo mtima unandiwawa, ndinadzikwiyira zedi. Zaka ziwiri zonse ndikukwera maminibasi otchedwa matatu, ndikuima pamzere kudikira makina oboolera makadi, n'kudzanama pa chinthu chomwe ndinkachidziwa ngati dzina langa!

Ndinabwerera. Sindikudziwa chinandigwira, ndinangozindikira ndagwada pambali pa desiki yawo monga tichitira kwathu, nditanyamula pepalalo ndi manja awiri.

"Pepani bwana, mwina ndi maso angawa. Koma munthu womalizayu atuluka kawiri."

Bambowo anadzidzimuka, naimirira, kenako anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati cholakwikacho anachiika dala. Anandikokera mpando okha. "Mwanangu, makina aja sadziwa imvi. Ukandisungira ulemu, ine ndiye ndidzachita manyazi. Ubwere Lolemba."

Azakhali ndinawapeza pageti, akunamizira kuthirira maluwa.

"Unawalemekeza?"

"Ndawauza kuti alakwitsa."

Anaika pansi ndowa, manja kumutu. "Mayo ine! Ndinanena pakamwa pako!"

"Koma anditenga, azakhali."

Anatsitsa manja. "Powauzapo, unali chiimire?"

"Ndinagwada."

"Basi," anatero. Anandikumbatira mpaka bulauzi ija inakwinyika. "Vula ndiichape, ukaivalenso Lolemba."

Ndakhala ndikulemba mapulogalamu moyo wanga wonse, ndauza mabwana ambiri kuti alakwitsa, chiimire. Azakhali anamwalira kalekale, ndipo ndimawasowa. Bulauzi ija sanandifunsenso, nanenso sindinabweze.