Mabokosi amene malume anandichotsetsa

"Amake Tadala, kodi n'zoona kuti inu munagwirapo ntchito ya kompyuta? Nanga bwanji mukuzungulira m'misewu ndi dengu la tomato?"

Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane nyumba kuno ku Highfield, mu Harare, tili pamzere wa madzi pa mjigo. Ndinangoseka n'kusuntha chigubu changa, chifukwa nkhani yake siyotheka kuifotokoza anthu akukankhana. Ndiye ndati ndiilembe.

Ntchitoyo ndinaipeza kudzera kwa a Mbewe. Makolo awo ndi a mayi anga anachokera kumodzi ku Katete, ndipo popeza mayi ndi Nambewe, ife tinakula tikuwatcha malume. Bambo atamwalira ndi iwo amene anayendetsa zonse za maliro. Tsiku lina titamaliza msonkhano wa bungwe lathu la maliro, anandiitana.

"Iwe Nabanda, ukhalira kupsa ndi dzuwa pa Machipisa mpaka liti? Bwera ku ofesi uzisesa ndi kutiphikira tiyi."

Nthawi imeneyo ndinali ndi tebulo langa la ndiwo zamasamba pamsika wa Machipisawo, malo abwino pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Ndinalisiyira mayi wina, Tadala ndinamuletsa kuyamwa asanakonzeke, n'kumamusiya ndi agogo ake.

Ofesiyo inali kachipinda pamwamba pa shopu ya matayala ku Lochinvar. Munali malume ndi mnyamata wa Chishona dzina lake Tendai, amene ankadziwa kulemba malamulo a kompyuta. Ankapanga chinthu chonga gemu chophunzitsira madalaivala a fokolifiti, kagalimoto konyamula katundu ndi mafoloko achitsulo kutsogolo, choti agulitse ku depoti ina ya ku Workington. Pa sikirini pankaoneka nyumba yosungiramo katundu, mashelefu, mapaleti osanjikapo katundu, ndi anthu ovala majekete owala akuyendayenda.

Tsiku lina ndikukolopa ndinaona fokolifiti ikulowa m'khoma n'kutulukira kuseri. Ndinati, "Nanga khomalo ndi la utsi?" Tendai anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikokera mpando.

"Sisi, kompyuta sidziwa khoma. Chimene mukuonacho ndi chikopa chabe. Mpaka munthu aiuze kuti apa n'polimba."

Anadina batani, zinthu zonse zinasanduka ukonde wa timakona atatu tosawerengeka. Anati kompyuta ikamafunsa kakona kalikonse ngati kagundidwa, imatopa, ndipo chithunzi chimayenda modukizadukiza. Ndiye chinthu chilichonse amachiveka bokosi losaoneka. Kompyuta imayamba yafunsa mabokosi akuluakulu. Ngati lalikulu silinakhudzidwe, zonse zili m'katimo imazisiya. Likakhudzidwa m'pamene imatsegula n'kufunsa ang'onoang'ono. Ndinamva msanga, chifukwa ndi mmene timafunira munthu kuno: umayamba wafunsa dera, kenako msewu, kenako nyumba. Sugogoda makomo onse a Harare.

Kuveka mabokosi n'kotopetsa, ndipo Tendai ankadana nako. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kudekha ndili nako. Ndikamaliza kusesa ndinkakhala pansi ndi mausi, n'kumakoka ngodya za bokosi mpaka likwane chinthucho ngati diresi losokedwa bwino. Likakula kwambiri, fokolifiti inkaima m'malere isanafike pa shelefu. Likachepa, mafoloko ankabaya katoni osamva kanthu. Shelefu sindinkaipatsa bokosi limodzi, chifukwa mafoloko ayenera kulowa pakati. Mwendo uliwonse ndi thabwa lililonse zinali ndi lake, kenako limodzi lalikulu lokuta zonse. Anthu ndinkawaveka chobulungira chachitali ngati soseji, kuti akatembenuka chisakole pangodya. Makoma opyapyala ndinkawanenepetsa kuseri kosaoneka, apo ayi fokolifiti ikathamanga inkadumpha khoma kompyuta isanazindikire.

Chimene chinandikoka mtima kwambiri chinali kuwala. Tendai anandionetsa kuti kompyuta imaponya kamzere kowongoka ngati ulusi kuchokera m'diso la dalaivala, kuti ione chimene kagunde. Pamene kagundapo imaponya kena kulunjika ku getsi. Kakafika, malowo ndi owala. Kakatsekerezedwa panjira, pamenepo pali mthunzi. Pansi pakakhala ponyezimira, kaulusiko kamanjanja n'kupita kwina, n'chifukwa chake umaona chithunzi cha fokolifiti pasimenti. Timaulusi timeneti nato timayamba tafunsa mabokosi akuluakulu tisanafike pa timakona. Malume anandipeza ndikuyang'anitsitsa, anati, "Tikangopata ntchito ya ku depotiyi, tsache ulisiya. Tendai akuphunzitsa za kuwalazi." Ndinakauza mayi madzulo ake, iwo n'kuwomba m'manja.

Kutatsala pang'ono kupita kukaonetsa, panabuka vuto. Kompyuta yaikulu ya mu ofesi sitikanainyamula, ndipo pa laputopu ya malume chithunzi chinkatsimphina. Tendai anati tizimitse kunyezimira kwa pansi ndi mithunzi.

"Ayi," anatero malume. "Mabwana amagula ndi maso. Chotsani zina."

Tendai anati anthu oyendayenda aja nawonso amalemetsa, chifukwa mabokosi awo amasuntha nthawi zonse ndipo kompyuta imawerengera mwatsopano. Koma anawonjezera kuti kuwachotsa sikuthandiza kwenikweni. Malume sanamvere mbali yomalizayo.

"Nabanda, avule anthuwo mabokosi. Ndiyendetsa ndine, sindiwayandikira."

"Nanga a ku depotiwo akafuna kuyendetsa okha, malume?"

"Iwe, wayamba liti kufunsa malume ako mafunso?"

Ndinazimitsa mabokosi a anthu onse, mmodzimmodzi, iwo ataima kumbuyo kwanga. Chithunzi chinapepukako pang'ono, iwo n'kukhutira.

Ku depoti ananditenga kuti ndinyamule zingwe ndi sipika. Anatilowetsa m'chipinda chodyeramo antchito, momwe munali madalaivala ndi mayi wina wamkulu woyang'anira za chitetezo. Malume anayendetsa bwinobwino, ananyamula paleti n'kuiika pa shelefu, pansi pakunyezimira ngati pathiridwa madzi. Anthu anang'ung'udza mokondwa. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kenako mayi uja anati, "Apatseni sekuru awa ayese."

Anali dalaivala wachikulire wa imvi. Anakhala pansi, anazungulira kamodzi, n'kunena kuti akufuna aone chimene chimachitika munthu akalakwitsa. Analunjika dala pa munthu wa jekete lowala. Fokolifiti inalowa pamimba, inatulukira kumsana, munthuyo n'kumapitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika.

"Chipoko!" anakuwa wina kumbuyo. "Mwatibweretsera mizukwa!"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Mayi uja yekha sanaseke. Anati, "Bambo Mbewe, ife tikufuna chinthu chophunzitsa anthu kuti kugunda munthu n'koopsa. Ichi chikuwaphunzitsa kuti palibe kanthu."

Malume sanachedwe n'komwe. Anatembenuka n'kundiloza ndi chala.

"Pepani kwambiri, mayi. Ndi mtsikana wathu wosesayu. Ndinamulola kukhudza makina chifukwa cha chisoni, ndi mwana wamasiye. Ayenera kuti wafufuta zinthu osadziwa."

Ndinayang'ana Tendai, iye maso ali pa zingwe. Mayi uja anandiyang'ana ine.

"Ndi zoona, amai?"

Apa ndi pamene anthu ambiri samandimvetsa. Ife tinaleredwa kuti malume sutsutsana nawo pamaso pa alendo. Ukawachititsa manyazi pagulu, wachititsa manyazi mayi ako. Nkhani mumakakambirana kunyumba, ndipo wamkulu amadziwa yekha kukonza zimene wawononga. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Eya." Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndawasenzera katundu, ndipo tikatuluka anditula.

Pobwerera pa galimoto tinadutsa mafakitale onse. Ndinkadikira mawu amodzi okha, ngakhale "zikomo". Titayandikira ku Machipisa anaimitsa galimoto.

"Atipatsa mwayi wina," anatero osandiyang'ana. "Koma ndawalonjeza kuti amene analakwitsa sakhudzanso makina. Ukhale kaye kunyumba, Nabanda. Ndikuitana zinthu zikazizira."

"Malume, si inu munandiuza kuti ndichotse?"

"Wavomera wekha pamaso pa anthu. Ndinakukakamiza ine?"

Ndinatsika. Anali atadziwa kuti sindingawatsutse, ndipo ulemu wanga ndi umene anaugwiritsa ntchito.

Sanandiitane. Patapita nthawi ndinakumana ndi Tendai pokwerera makombi. Anafuna kundizemba, koma ndinamupatsa moni. Anandiuza kuti ntchito ija anaipata. Iye anangoyatsanso mabokosi anga aja, n'kuzimitsa kunyezimira, zonse zinayenda. Madalaivala a ku depoti akuphunzira ndi mashelefu ndi makoma amene ndinaveka ine. Pampando wanga panakhala mwana wa mchemwali wawo weniweni wa malume.

"Sisi, ndikanayankhula akanandichotsa inenso," anatero.

Sindinamuyankhe zoipa. Nayenso ali ndi ana.

Nditauza mayi anga kuti ndikufuna kukaitula nkhaniyi kwa akuluakulu a bungwe la maliro, anandigwira dzanja. "Munthu amene anaika bambo ako m'manda? Anthu adzati ndife osayamika. Ndikadzafa ine adzandinyamula ndani?" Ndinaisiya. Mpaka lero pa misonkhano amakhala kutsogolo, ine ndimawapatsa madzi osamba m'manja nditagwada, koma ndimawatcha bambo Mbewe basi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti ulemu ndimapereka, koma kuvomera mlandu umene si wanga sindidzachitanso, kaya wapempha ndi ndani, kaya pali alendo.

Nditabwerera pamsika, mayi amene ndinamusiyira tebulo anati malowo ndi ake tsopano, ndipo sindikanamutsutsa. Choncho ndinataya ntchito, ndinataya tebulo la pa Machipisa, za kuwala zija sindinaphunzire, mwana wanga anasiya bere nthawi isanakwane, ndipo malume ndilibenso.