Chipsera pa Gitala Yofiira

Zaka zimene malasha anatizunguza mitu ku Moatize, ine ndinkayendetsa galimoto lothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi ligone. Anzanga atayamba kulandira, ena anagula njinga zamoto, ena anakwatira kawiri. Ine ndinaitanitsa gitala yamagetsi kudzera pa sitolo ina ya ku Tete, imene kwathu timati loja, gitala yofiira ngati phwetekere, yochokera kutsidya kwa nyanja. Musandifunse mtengo wake. Amayi anga mpaka lero amadziwa theka lokha.

Chilakolako chimenechi ndinachitengera kwa bambo. Iwo anali kalipentala kumapiri a kwathu ku Zóbuè, ndipo tili ana anatipangira banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Pa banjo imeneyo ndi pamene zala zanga zinaphunzirira.

Gitala itafika ndinaitsegula nthawi yomweyo. Ndinaimba bwinobwino mpaka chala chitafika pakati pa khosi lake. Pamenepo nsambo yachitatu inalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Ndinamasula, ndinamanga, koma ayi ndithu. Kamodzi mwa tizitsulo topingasa pakhosi paja kanali kotumphuka pang'ono, ndipo nsambo inkakhudza pamenepo. Ndinapsa mtima zedi. Miyezi yonse ija ndikumeza fumbi, kenako n'kulandira chinthu cholumala!

Mwini loja anandiuza kuti ndisadandaule, pali garantiya. Gitala ibwerera kumene inachokera, ndipo adzanditumizira ina pakatha miyezi itatu kapena inayi. Koma anandichenjeza akugogoda pepala ndi chala: munthu aliyense akangoikhudza ndi chitsulo, garantiya yatha.

Ndikanaisiya tsiku lomwelo. Koma kwathu chinthu chachikulu chimene wagula ndi thukuta lako umayamba wakaonetsa makolo, achigwire ndi manja awo. Ndinapempha mwini loja sabata imodzi, ndinakwera minibasi imene timaitcha chapa, gitala ili pamiyendo ngati khanda, mpaka kutentha kwa Moatize kunatsalira m'mbuyo ndi kuyamba kamphepo kozizira ka kumapiri.

Kunyumba kunalibe magetsi, choncho tinabwereka batire la galimoto kwa aneba. Ndinaimba pakhonde masana, ndikuzemba dala malo oipa aja. Amayi analulutira. Bambo anangokhala pa benchi lawo, mutu ataupendeketsa.

"Bwereza pamene ukuthawapo," anatero.

Ndinabwereza. Ntchentche ija inalira.

Anailandira gitala, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khosi lake kuchokera kumutu, monga ankachitira ndi thabwa. "Amene anakhoma apa anali ndi njala. Kachitsulo aka sikanalowe. Ndi ntchito ya mphindi zochepa."

"Ayi, bambo, musaigwire. Pali garantiya."

"Garantiya ndi ndani?"

"Ndi pepala. Aibweza kwa eni ake."

"Ndiye kuti eni ake si iwe?"

Ndinaseka, ndinaitsekera m'bokosi lake. M'mawa mwake ndinaperekeza amayi kumsika wa pamalire kukagulitsa mbatata ya kachewere. Pobwera ndinapeza gitala yagonekedwa pa bulangete pamwamba pa benchi, bambo ataiweramira ndi tupa m'manja. Kachitsulo kaja anali atakakhomera ndi kukasalaza. Koma manja awo sanalinso a kale. Tupa anawapulumuka, nasiya mzere woyera pa utoto wofiira uja, wotalika ngati chala changa chaching'ono.

Zimene ndinayankhula ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Ndinati, "Ichi si chigubu chanu cha mafuta!" Ndinanena mokweza, aneba akumva.

Bambo anapukuta tupa pa buluku lawo, anandipatsa gitala ndi manja awiri, ngati akupereka kwa mlendo. "Yesa," anatero motsitsa mawu.

Sindinayese. Ndinanyamula katundu wanga n'kukakwera chapa ya masana, osadya n'komwe. Ku loja sindinapiteko, ndikanakanena chiyani? Gitala inakhala pansi pa bedi milungu itatu. Tsiku limene ndinaitulutsa, chala chinatsetsereka khosi lonse kuchokera kumwamba mpaka pansi, mawu ali mbee, opanda ntchentche ngakhale imodzi. Inkaimba bwino kuposa gitala iliyonse imene ndinagwirapo.

Ndinati ndikawauza pa Khirisimasi. Pa Khirisimasi anatipatsa ntchito yowonjezera. Ndinati pa Pasaka. Ndinkatumiza shuga ndi sopo, poganiza kuti zinthu zimenezo zindiyankhulira. Chakudza sichiimba ng'oma: bambo anadwala chibayo nyengo yozizira, ndipo pamene chapa inkandifikitsa ku Zóbuè, anthu anali atasonkhana kale pabwalo.

Pambuyo pa maliro amayi anandiuza kuti mlungu wonse ndisanafike ndi gitala ija, bambo ankauza aliyense ku tchalitchi kuti mwana wawo akubweretsa banjo ya azungu. Ndipo nditachoka mokwiya muja, ankafunsa aliyense wochokera ku Moatize funso limodzi lokha: kodi ntchentche ija yasiya kulira?

Kenako malasha anatsika mtengo, ambiri tinachotsedwa ntchito. Ndinagulitsa firiji, ndinagulitsa sofa. Mphunzitsi wina anabwera kudzaona gitala. Anaikonda, koma anaika chala pa mzere uja n'kunena kuti m'bale wake amapenta magalimoto, angaufafanize osaonekanso. Ndinamulanda gitala m'manja, ndinamuperekeza mpaka pamsewu.

Masiku ano ndimalima kabichi kwathu, ndipo Lamlungu ndimaimbira kwaya. Magetsi anafika. Benchi la bambo likadali pakhonde, ndipo ndi pamene ndimakhala pokonzekera nyimbo. Ndikafika pakati pa khosi la gitala ndimachedwapo dala, ndimakanikiza nsambo yachitatu kuti imveke mpaka kuseri kwa nyumba. Inasiya kulira, bambo.