Utsi wa uvuni ndi matimati anga

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga, omwe anali mphunzitsi ku Nathenje, anaganiza zomanga nyumba ya njerwa zootcha. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense ankalankhula za ufulu, ngakhale ife ana. Ine ndinali sitandade sikisi, ndipo kuseri kwa nyumba ndinali ndi kabedi kanga ka matimati komwe mayi anandigawira. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, moti manja anga ankanunkhira masamba a matimati mpaka m'kalasi.

Bambo anaumbitsa njerwa n'kumanga uvuni pafupi ndi kabedi kaja, mbali yochokera mphepo. Kwa masiku atatu utsi wa nkhuni zaziwisi za bulugama unangogona pa mbewu zanga. Maso ankawawa, zovala za pachingwe zinkanunkha ngati nsomba zowamba. Moto utazima ndinapeza masamba atapsa m'mbali n'kupiringizika, maluwa onse atayoyokera pansi. Ndikapaka chala patsamba chinkada bii.

Ndinalira mpaka mamina. Kenako ndinathyola tsamba limodzi n'kukaliika pamwamba pa makope omwe bambo ankachonga.

"Nanga ichi n'chiyani, Tamanda?" anafunsa bambo.

"Ndi matimati anga, ababa. Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti masamba amapuma?"

Mayi anaseka mpaka kukhala pansi. "Abambo a Tamanda, yankhanitu. Masiku ano anthu akumafunsa mafunso."

Bambo anavula magalasi, nayang'anitsitsa tsamba lija, kenako anati, "Wandigwira, mwana iwe."

Loweruka anatenga okha ndowa, atapinda thalauzi mpaka m'mawondo, ndipo tinatsuka mbewu zija tsamba ndi tsamba. Anthu opita kumsika ankaima kudabwa aphunzitsi akusambitsa matimati. Mitengo yambiri inafa ndithu, koma isanu inaphukanso. Tomato woyamba kupsa ndinapatsa bambo, anamudya wamuwisi ndi mchere. Uvuni wachiwiri anakaumanga kutali, kuseri kwa chulu.

Masiku ano ndikamadutsa pa Nathenje pa minibasi ndimaona mauvuni akufuka paliponse, ndipo mpiru wa m'mbali mwa msewu ndi wotuwa ndi fumbi komanso utsi wa malole. Bambo anapuma ntchito, amalima dimba lawolawo. Munthu akangoyatsa zinyalala pafupi, amatuluka ndi ndodo yawo yoyendera n'kumuphunzitsa za kuipa kwa utsi pa mbewu mpaka munthuyo atatopa, ndipo amauza aliyense kuti nzeru imeneyi anaitulukira okha.