Zitsulo Zimene Ndinazinyoza ku Marlboro

Njerwa sindidziwa kuyala. Ndinayesapo kamodzi ku Diepsloot, khoma linatuluka ndi mimba. Chimene ndinabwera nacho ku Joni kuchokera ku Ntcheu ndi pakamwa, ndipo madala ena omanga nyumba, obadwira pa mgodi ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza, anandilemba ntchito chifukwa cha pakamwa pomwepo. Iwo ankamanga, ine ndinkagula zipangizo.

Mu 2013 tinapeza ntchito ku Soweto. Mayi ena amasiye, Achizulu, anali ndi zipinda zitatu za lendi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ankafuna zina zitatu pamwamba. Injiniya anajambula papepala: silabu ya konkire ikhale pa zitsulo zinayi zikuluzikulu, zooneka ngati njanji, zogonekedwa kuchokera khoma ili kufika khoma ilo. Mtengo wa zatsopano mayiwo ataumva anakhala pa ndowa.

Ndinazipeza ku Marlboro, kwa munthu wogulitsa zogumula m'mafakitale. Madala anaziyeza ndi tepi, anazimenya ndi hamala atatchera khutu, kenaka anapala dzimbiri ndi mpeni. Pansi pake chitsulo chinali chowala. Anandiponda phazi pang'ono, chizindikiro chathu choti katundu ali bwino, yamba ntchito yako.

Ndinayamba. Malonda otere sugula ukuyamikira. Ndinauza mwini wake, m'Chizulu changa chothyokathyoka, kuti zitsulozo n'zowola, kuti nkhuku itaterapo zipindika, kuti ndikungomuthandiza kuchotsa zinyalala pabwalo. Kawiri ndinachoka mpaka pageti, kawiri konse anandiitana. Mtengo unatsika mpaka ine ndemwe ndinamumvera chisoni.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mayi aja tinabwera nawo, anali m'pikiapu, windo lili lotsegula.

Titafika ku Soweto anatsika n'kuima pageti.

"Zitsulo zako zowolazo sizilowa muno. Pansipo pamagona ana a anthu."

"Mama, kuja kunali kunenerera chabe. Ndi mmene timagulira."

"Ndiye kuti unanamiza bambo uja, kapena ukunamiza ine. Sankha."

Ntchito ya miyezi itatu, ya anthu asanu ndi mmodzi, inali itaima pageti chifukwa cha nkhuku yanga ija.

Madala ndiwo anayankha, mosafulumira. "Mama, aitaneni injiniya azione. Akavomera, timanga. Tsiku lochotsa mitengo yochirikiza silabu, mphwangayu akaima pansi pake, pakati penipeni. Ku mgodi, amene wakhoma mtengo ndiye ankayamba kulowa."

"Madala, bwanji osaimapo tonse?" ndinawanong'oneza m'Chichewa.

"Ine sindinanyoze chitsulo cha munthu."

Injiniya anaziona, anavomera. Alendi anasamukira ku galaja, ife tinasasula malata. Zitsulo tinazikweza ndi zingwe ndi mapewa, anthu khumi, ena aneba ongobwera kudzaonerera. Tinayala matabwa pakati pake, tinawachirikiza ndi mitengo ya bulugama, tinaluka waya, tinathira konkire tsiku limodzi osapuma, ndowa kupatsirana. Kenaka milungu inayi yothirira kuti iume molimba. Ine amene ntchito yanga imathera pogula, ndinkafika m'mawa uliwonse kudzagwira payipi ya madzi. Pakakhala palibe woona ndinkasisita zitsulozo, ngati kuzipepesa.

Tsiku lochotsa mitengo linali Loweruka. Alendi ndi aneba anadzaza bwalo, ena anabwera ndi mipando. Ndinalowa m'chipinda chapakati nditavala malaya anga a ku tchalitchi. Ndinapempha chipewa cholimba chija cha omanga, madala anati kulemera kuli pamwambapo chipewa n'kungodzivutitsa.

Anzanga anayamba kugwetsa mitengo kuyambira pakati, pomwe ndinaima. Hamala ikamenya, fumbi linkandigwera m'khosi. Thabwa lina linalira. Mtengo womaliza utagwa ndi matabwa atachotsedwa, ndinakweza maso. Konkire inali yosalala, mizere ya matabwa ikuoneka, zitsulo zili chigonere, zowongoka. Palibe chinasuntha.

Apo madala anatuma anthu asanu ndi atatu akwere pamwamba, azidumpha. Zimenezo sitinapangane. Ndinaimabe, manja m'thumba, n'kumaimba likhweru limene silinkatuluka bwino.

Kenaka mayi aja analowa. Anaima pambali panga, mapazi akugunda pamwamba pathu, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Babu ya magetsi ndikufuna ikhale apa," anatero, akuloza pamwamba pa mutu wanga. "Lolemba ukandigulire mawindo a zipinda zam'mwamba."

Ndinatuluka pang'onopang'ono, ndikusasa fumbi pa malaya, ndipo anthu pakhomo anandipatsa njira.