Desiki ya mayi aakulu

Mayi anga aakulu, akulu awo a mayi ondibereka, anataipa mabuku a eni ake kwa zaka 38 pa kampani yosindikiza mabuku yomwe inenso ndimagwirako ntchito. Ine ndili pansi, kosungira katundu, komwe ndimalongedza mabuku m'makatoni. Iwo ankakhala m'chipinda cham'mwamba, pa desiki ya pawindo, yomwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi buku lakale la manambala a telefoni kuti isamagwedere. Anayamba ndi taipilaita yachitsulo. Makompyuta atabwera, amuna a ndevu zawo ankawazemba, koma iwo anaphunzira m'masabata awiri, uku akuwatukwana makinawo.

Ndisakunamizeni, si munthu wokoma pakamwa. Ukwati anaulawa zaka zitatu n'kuulavula. Ana awoawo alibe, analera ife, ndipo anatilera ndi diso lomwelo limene ankasakira nalo zolakwika patsamba. Koma pantchito panalibe wowaposa, makamaka pa zolemba za munthu mmodzi.

Munthuyo anali mlembi wotchuka uja amene mabuku ake ana amawaloweza kusukulu. Kompyuta sankaikhudza. Ankalemba pamanja m'makope a mizere, malembedwe ake ngati pamene papalasa nkhuku. Nkhani ankailemba patsamba lakumanja lokha, ndipo kumanzere ankaikako zowonjezera, n'kujambula timivi tolozera poti zilowe. Akafuna kuchotsa chiganizo sankachidula ndi mzere, ankangoika kadontho pamwamba pa liwu loyamba ndi kena pa lomaliza. Zonsezi ankazidziwa ndi mayi aakulu okha. Mabuku ake khumi ndi anayi anadutsa m'zala zawo, koma patsamba lothokoza sanawatchulepo ngakhale kamodzi. Akabwera ku ofesi ankangoti, "Mayi wa makina uja alipo?"

Lachiwiri lina m'mawa wailesi inalengeza kuti mlembiyo wadzipha. Anali ndi zaka 59. Anasiya kakalata, ndipo manyuzipepala, opanda manyazi monga mwa masiku onse, anakasindikiza patsamba loyamba: "Ndakalamba. Sindidikira kuti ena azindimanga mabatani a malaya."

Ndiye munamva phokoso lake. Akonzi athu analira mpaka kufiira maso, ena mwa iwo oti sanamalizepo buku lake ngakhale limodzi. Pa kanema aphunzitsi a ku yunivesite ankagwedeza mitu kuti anali wolimba mtima, wachoka ulemu wake udakali naye. Mayi wosesa anati wachimwira Mulungu. Dalaivala wathu anati nkhani yake ndi ya akazi basi, poti kwa iyeyo ngakhale tayala likaphulika nkhani yake imakhala ya akazi. Ine ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndidakakwiyabe. Zaka 59 n'kumati wakalamba? Mayi amene amagulitsa nthochi pageti pathu adutsa 70, ndipo dengu amadzitula okha. Mayi aakulu anali ndi 64. Munthu kupita ndi mavuto ake ndi chisoni, koma iye anasiya liwu lija pabwalo kuti aliyense alitole n'kugendera mnzake.

Woyamba kulitola anali manijala wathu. Ameneyu anachokera ku kampani ya sopo, ndipo buku amaliyeza ndi kulemera kwake. Desiki ya pawindo inkamuyabwa kuyambira tsiku lomwe anafika. Pa nthawi ya tiyi, tonse tili pomwepo, anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Komatu malemuwa atiphunzitsa kanthu. Munthu azidziwa nthawi yake." Akunena choncho maso ali kwa mayi aakulu. Mawa lake anasiya kuwatchula kuti amayi.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Iwo sanachotse maso pa kompyuta. "Bambo anu ndinawabereka liti, bwana?"

Anthu anaseka chamumtima, manijala anaseka ndi mano okha. Chaona mnzako chapita, ndinatero mumtima, poti nayenso tsitsi lake timadziwa kuti amalidetsa ndi mankhwala.

Patatha sabata maliro ataikidwa, mkazi wa malemu anabweretsa makope atatu m'katoni, buku lomaliza losatha. Ndinakweza katoniyo ndine, n'chifukwa chake ndinamva zonse. Manijala anaitana mayi aakulu n'kuwauza kuti bukulo lituluke msanga anthu misozi isanawaume. Kenako anakankha envelopu patebulo.

"Mukamaliza limeneli, agogo, mukapume. Mwagwira ntchito mokwanira."

"Ndinakuuzani kuti ndatopa?"

"Thupi silinama. Ngakhale mwini makopewa anavomereza, chonsecho anali wamng'ono kwa inu."

Titaweruka ndinawatsatira mayi aakulu mpaka pokwerera basi. Nzeru ndinali nayo, yoti ngakhale mwana akanaiona.

"Mayi, palibe wina angawerenge makope amenewa. Muzitaipa tsamba limodzi patsiku. Akuti mwakalamba, ndiye kalambani. Chaka chitha, china chitha, desiki idakali yanu."

Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu. "Iwe, ndinakulera ndi zala zaulesi ine?"

Anamaliza m'masiku asanu ndi anayi. Ndinkakwera m'mwamba ndi tizifukwa tabodza kuti ndikawachedwetse, n'kuwapeza chala chakumanzere chikutsata kamuvi, dzanja lamanja likugogoda, tiyi atazizira m'kapu. Ankadzikumbira dzenje okha, mwaluso, popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Sindinawadepo ngati mmene ndinawadera sabata imeneyo, ndipo sindinawanyadirepo choncho.

Tsiku lopereka ntchitoyo anasankha nthawi yoti akonzi onse ali m'chipinda cha misonkhano. Anaika makope atatu aja patebulo, osakhala pansi.

"Dzanja la nkhalamba ndimalidziwa," anatero. "Ndataipira ambiri. Limanjenjemera, limatsetsereka kusiya mzere, zilembo zimakula chifukwa maso afooka. Dzanja ili ndi lomwe lija ndinalilandira ndili mtsikana. Munthuyu sanakalambe. Anadwala maganizo, ndipo masamba akumanzere adzaza ndi zomwezo, kuti sagona, kuti foni ikalira ndi ofuna buku latsopano basi. Inu olira kwambirinu, ndani anapita kukamuona chaka chino? Ine sindinapite, poti sankadziwa n'komwe dzina langa. Nanga inu?"

Mkonzi wina anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama. Manijala anakonza tayi yake.

"Zikomo agogo, koma zimenezo si za gawo lanu."

Pachikuto cha bukulo analembabe kuti malemu anakana kugwadira ukalamba. Akuti mawu amenewo amagulitsa.

Kumapeto kwa mwezi anawachitira kaphwando kotsanzikana. Panali zakumwa za m'mabotolo zosazizira ndi mabisiketi ofewa, ndipo manijala analankhula kwa mphindi makumi awiri, zambiri zokhudza iye mwini. Mphatso yake inali bulangete. Munthu woti amakwera masitepe 24 osagwira chitsulo, kumupatsa bulangete! Iwo analisiya pampando, n'kutenga kapilo kawo ndi kabokosi ka magalasi, n'kutsika.

Sipanathe masabata atatu, mkazi wa malemu anapeza makope ena asanu ndi awiri m'sutikesi pamwamba pa wadiropu. Akonzi anati awataipa okha. Poti za timadontho sankazidziwa, anataipa ndi ziganizo zochotsedwa zomwe, ndipo munthu amene wafa m'mutu wachitatu ankapezeka akusita malaya m'mutu wachinayi. Pamenepo manijala anatsika yekha kosungira katundu, koyamba chifikireni, nsapato zake zikuopa fumbi.

"Tengani katoniyi mupite nayo kwa mayi anu aja." Tsopano anali mayi, uagogo unatha. "Azitaipira kunyumba ngati ganyu. Muwanyengerere bwino, ndinu mwana wawo."

Ndinawapeza Loweruka masana m'chipinda chawo, atavala bwinobwino ngati akupita kuntchito, akutsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndinaika katoni patebulo n'kufotokoza uthenga wonse, osawonjezera mchere. Anapukuta m'manja, anavala magalasi, n'kutsegula kope lapamwamba. Chala chinapeza kamuvi chokha. Milomo inayamba kuyenda, ndipo pena anaseka pang'ono, mwina malemu anali atanena kanthu kabwino. Ndinaona kuti akuifuna ntchitoyo monga munthu wanjala afunira chakudya, ndipo zinandiwawa. Ndinayamba kupemphera kuti avomere, ine yemwe ndinabwera ndikufuna kuti akane.

Anafunsa maso ali patsamba pomwepo.

"Desiki yanga ilipo?"

"Ilipo, mayi."

"Akukhalapo ndani?"

Ndinafuna kunama, koma anandilera ndi iwowo.

"Palibe. Aikapo ketulo ndi makapu."

Anamaliza kuwerenga tsambalo mpaka pansi. Kenako anatseka kopelo, analibwezera m'katoni, n'kupinda zivindikiro zake bwinobwino monga ndimapindira ine kuntchito.

"Nyamula. Ukawauze kuti ketuloyo iwawerengere."