Disiki ya atate pa mtengo wa bwemba

Belu lathu lakale kusukulu linali limu ya tayala la galimoto. Chaka chimene njovu zinavuta ku Kakumbi, anthu analitenga kukaliza kuminda, osabweza. Ahedi atadandaula pamsonkhano wa makolo, atate anaimirira nati, "Chitsulo ndili nacho kunyumba."

Ndinkachidziwa chitsulocho. Inali disiki ya mabuleki, chimbale chija chimene mapadi amapana kuti galimoto iime. Atate anali dalaivala pa loji ina, ankanyamula alendo okaona nyama. Mapadi atatha anawatuma ku Chipata kukagula ena, ndipo iwo anasankha otchipa poti ankaoneka chimodzimodzi. Mchenga wa m'chigwa unawadya msanga. Mabuleki atayamba kulira, atate ankati ndi fumbi chabe. Tsiku lina potsetsereka pamtsinje wouma galimoto inakana kuima, n'kukalowa m'zitsamba alendo ali momwemo. Palibe anavulala, koma ntchito inathera pomwepo. Disikiyo anabwera nayo kunyumba. Sindinawafunse chifukwa chake.

Anaimangirira ndi chingwe pa mtengo wa bwemba, pakati pa bwalo. Ahedi anati kwa ine, "Poti ndi ya atate ako, uziliza ndiwe."

Ine! Munthu woti ngakhale poitana mayina m'kalasi sindinkamveka.

Tsiku loyamba, mwana wa makanika wa pa loji ija anayendetsa chala m'mizere yokumbika pa disikiyo. "Taonani," anauza anzake, "apa chitsulo chinkadya chitsulo chinzake, mapadi atatheratu. Adadi akuti wogontha yekha ndiye samva zimenezi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, uziliza kwambiri, mwina atate ako angamve. Chinalephera kuimitsa galimoto, ndiye chiimitse masamu?"

Onse anaseka. M'buku langa lolembamo zochitika, tsiku limenelo ndinangolemba kuti kunatentha.

Kuyambira pamenepo ndinkagogoda pang'ono, ngati pakhomo pa wodwala. Ana aang'ono sankamva, ankangopitiriza kusewera. Ndinkaganiza kuti ahedi atopa nane, ntchitoyo apatsa wina, ine n'kubwerera kumpando wanga wakumbuyo.

Koma iwo anatumiza mawu kwa atate kuti chitsulo chawo sichilira.

Atate anabwera panjinga nthawi yopuma, sukulu yonse ili panja. "Mwaswera bwanji, ana inu?" Ena anayankha, ena anabisa pakamwa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Atate anamasula chingwe chija, n'kumangirira disikiyo ndi waya.

"Chingwe chimameza mawu, mama," anatero. Anatulutsa bawuti yaikulu m'thumba. "Uzimenya m'mphepete, osati pakati."

Asanandipatse, anapitisa chala chachikulu m'mizere ija, momwe munadutsa chala cha mnzanga uja. Apo ndinadziwa kuti akudziwa zimene anthu amawerenga pamenepo.

"Chinandichenjeza ichi, ine osamva," anatero chapansipansi. "Chisiye chilire."

Ndinamenya. Nkhunda zinabalalika mu bwemba, amayi ena pamsewu anatembenuka ndi chidebe pamutu, ndipo maso onse a pabwalo anali pa ine ndi atate. Nkhope yanga inatentha. Atate anagwedeza mutu kuvomereza, n'kukwera njinga yawo.

Ndinaliza belulo mpaka ndinachoka pasukulupo. Manyazi sanathe, koma sindinagogodenso pang'ono.